Kwa mphwanga amene akufuna kusiya care, ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndi ena ofika kumene ku UK

Lachisanu lapitali cha m'ma 11 koloko usiku, ndili pa break, mphwanga anandiimbira foni. Ndi mwana wa achemwali anga aakulu, anafika kuno mu February 2025 ndipo ali ku Luton. Moni sanamalize n'komwe. "Amalume, ine ndatopa. Care si ntchito yanga. Mwezi uno ukatha ndisiya, ndikayambe kozi ya IT." Ndinamufunsa kuti visa yake inalembedwa pa dzina la kampani iti. Anangoti zii. Ndinamufunsanso kuti akamaliza koziyo, adzamupatse ndani CoS, chikalata chochokera ku kampani chimene munthu amapemphera nacho visa ya ntchito. Akuti mnzake wa kutchalitchi wamuuza kuti zimenezo zimakonzeka.

M'mawa mwake pa gulu lathu la WhatsApp panagwa nkhani ya mayi wina wa kwathu komweko, dzina sinditchula. Anatula pansi ntchito ku care home chifukwa munthu wina anamulonjeza ntchito ya mu ofesi pamodzi ndi CoS yatsopano. Anapereka ndalama yonse imene anasunga kwa chaka. CoS ija inali pepala longopanga pa kompyuta. Wolonjeza uja nambala yake siikupezekanso, ku care home analemba kale munthu wina, ndipo ku Home Office, ofesi ya boma yoona za ma visa, anauzako kale kuti mayiyo anasiya ntchito. Pano akugona pa sofa kwa anzake, akuwerenga masiku.

Zinthu ziwirizi zitachitika motsatizana ndinaona kuti kuyankha mphwanga yekha sikukwanira. Ine si loya ayi. Ndine mphunzitsi wa masamu amene ndinagwira choko zaka 14 pa CDSS ina ku Dedza, ndinabwera kuno mu 2022, chaka chimene anatsegulira ma carer khomo, ndipo lero ndimasambitsa nkhalamba ndi kuzimwetsa mankhwala. Ntchito ndinasintha kamodzi ndili kumudzi, ndinayesanso kusintha ndili kuno, ndipo kachiwiriko ndinapsa.

Choyamba, ndipo mukagwira ichi chokha zinazo mukhoza kuiwala. Kumudzi ntchito ndi ntchito basi. Bwana akakutopetsa umalemba kalata, umapita kwanu kukalima, umayamba geni ya kaunjika, palibe amene angakuthamangitse m'dziko. Kuno ntchito yako ndi imene yanyamula visa yako. Ukasiya ntchito, kapena akakuchotsa, kapena kampani ikalandidwa laisensi yolembera antchito ochokera kunja, a Home Office amakulembera kalata yodula visa, ndipo nthawi zambiri amakupatsa masiku 60. M'masiku amenewo upeze sponsor wina, ndiye kuti kampani ina yonyamula visa yako, kapena utuluke m'dziko. Masiku 60 amaoneka ambiri ukamawamva pakamwa pa munthu. Ine ndinawawerenga limodzilimodzi.

Kampani imene inanditenga poyamba inali ya dom care, yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Pa pepala analemba maola 39 pa sabata. Pa rota ankandipatsa 18, sabata yabwino 22. Kudzuka 5 koloko, kukwera mabasi awiri kukamwetsa gogo tiyi kwa mphindi 30, kudikira pa bus stop maola awiri mvula ili waa, kupitanso kwa wina. Nthawi ya pa msewu sankalipira, chonsecho lamulo limati nthawi yoyenda kuchoka kwa kasitomala wina kupita kwa wina iwerengedwe. Ukadandaula ankangoti, "Ukumbukire amene anakubweretsa." Mu 2023 laisensi yawo inalandidwa. Bwana uja anangotitumizira uthenga umodzi pa gulu, wa mizere itatu, kenako anatuluka pa gulupo. Tinalipo anthu oposa 30, ambiri a ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, Amalawi tinali anayi. Ndinalemba makalata ofunsira ntchito mpaka ndinasiya kuwerenga, ndipo care home imene ndili panoyi inandipatsa CoS patatsala masiku osakwana 20. Sitinali tokha. Boma lenilenilo linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda malaisensi oposa 470 m'makampani a care, ndipo antchito okhudzidwa anaposa 39,000. Anthu amenewo ndi amene mukalimbirane nawo malo mukasiya ntchito mwa dala. Iwo anachita kugwetsedwa, inu mukufuna kudumpha nokha.

Ndondomeko yake ndi iyi, ndipo siisinthika chifukwa choti mwakwiya. Mupeze ntchito ina kaye. Akupatseni CoS. Mupemphe visa yatsopano mukadali pa ntchito yakale. Yankho libwere. Pamenepo ndi pamene mumapereka notisi ndi kuyamba kwinako. Dzina la kampani yatsopanoyo mulifufuze pa mndandanda wa ma sponsor umene uli pa gov.uk, ndi waulere. Koma kupezeka kwa dzinalo pa mndandanda si umboni woti amene akukulankhulani pa WhatsApp ndi wa kampaniyo. Akuba amangotenga dzina la kampani yeniyeni n'kupanga kalata. Imbani nambala ya ku ofesi imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iyeyo. Ndipo aliyense amene akuti mulipire kuti akupatseni CoS, kaya ndi wa kwanu, kaya mumaimba naye kwaya, ndi wakuba. CoS sigulitsidwa. Ngakhale ndalama imene kampani imalipira ku boma potenga CoS, kuyambira kumapeto kwa 2024 n'koletsedwa kuilipiritsa wantchito.

Chachiwiri ndi masamu, ntchito yanga yakale. Mphwanga akuganiza kuti akaphunzira IT kwa masabata 12 atuluka m'care. Tiyeni tiwerenge. Kuyambira pa 22 July 2025, malipiro amene amafunika pa visa wamba ya Skilled Worker ndi £41,700 pa chaka, ndipo ntchito zambiri zovomerezeka tsopano ndi za mlingo wa digiri. Pa 4 April 2024 anali atakweza kale kufika £38,700 kuchoka pa £26,200. Ife a care mu 2025 anatiikira pathu pa £25,000. Ndiye kuti kuchoka pamene uli kufika pamene ukufuna, payenera kupezeka kampani imene ili ndi laisensi, imene ili yokonzeka kulipira ndalama za sponsorship, komanso yokonzeka kukupatsa malipiro oposa amene imapatsa ana obadwira konkuno amene ali ndi digiri ya kompyuta ndipo safuna visa. Kuchotsera kwina kulipo, kwa achinyamata ndi kwa ntchito zina, koma zimenezo akakuwerengereni munthu wodziwa malamulo ataona mapepala anu, osati wogulitsa kozi.

Ndikunena izi mtima ukundiwawa chifukwa ine ndinalipira. Kumayambiriro kwa 2024, nditangokhazikika ku care home, m'bale wina wa kutchalitchi anayamba kulengeza kozi ya data analysis. Loweruka lililonse pa Zoom, miyezi itatu, akuti mukamaliza tikupezerani ntchito ya sponsorship. Ndinaganiza kuti munthu wa masamu ngati ine, imeneyi ndiye njira. Ndinapereka £1,800, ndalama imene ndinasungira malata a nyumba ya ku Dedza. Zimene tinaphunzira zili pa YouTube mwaulere, ndinazipeza pambuyo pake, mwina ndi momwe ankazitenga. Titamaliza anatiuza chinsinsi chake: atilembera CV yonena kuti tinagwirapo ntchito zaka zinayi pa kampani ina, ndipo akaimba foni kufunsa za ife ayankha ndi mnzake. Zimenezo zinali ndi mtengo wake wapadera. Ndinakana, osati chifukwa cha chiyero, koma mantha. Bodza lotere likagwidwa silithera pa kuchotsedwa ntchito, limakafika pa visa. Mwa anthu 16 amene tinali m'kalasimo, amene ndikudziwa kuti anapeza ntchito ndi awiri, ndipo onsewo anali ndi mapepala okhazikika kale, sankafuna sponsor. M'bale uja mpaka lero amakhala mpando wa kutsogolo Lamulungu, amapereka umboni wa mmene Mulungu wamudalitsira. Tikakumana pa khomo amandigwira dzanja ndi manja awiri n'kumati "aphunzitsi". Ndalama yanga sanaitchulepo. Nditauza akuluakulu a mpingo anati tisachititsane manyazi pa chilendo. Chabwino. Malata aja anagulidwa patatha chaka, mtengo utakwera.

Sindikunena kuti IT ndi yoipa. Ndikunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Phunzirani usiku, visa ya ntchito imalola kuphunzira. Koma musatule pansi ntchito chifukwa cha kozi.

Chachitatu, wotchi. Ambiri ofika kumene sadziwa kuti tsiku limene analowa kuno pa visa ya ntchito, wotchi ya zaka 5 zopezera ILR, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, inayamba kuyenda. Mukasintha sponsor mwa ndondomeko, wotchiyo imapitirira. Mukachoka pa visa ya ntchito n'kupita pa visa ya sukulu, zaka za kusukuluzo siziwerengedwa pa njira ya zaka 5 imeneyi. Mphwanga anandiuzanso kuti mwina angolowa masters. Masters ya mlendo fizi yake ndi ya mlendo, nthawi zambiri yoposa malipiro a carer a theka la chaka, ndipo pofunsira visayo uyenera kuonetsa ndalama ya fizi ndi ya chakudya ili phee ku banki. Ulipirenso ndalama ya chipatala, IHS, imene ife a Health and Care visa sitilipira. Ntchito umaloledwa maola 20 okha pa sabata sukulu ikatsegulira. Kuyambira January 2024 wa masters wamba sabweretsanso banja. Ukamaliza, mapeto ake ubwererabe pamene unayambira, kusaka sponsor. Komanso mu May 2025 boma linatulutsa maganizo okweza zaka 5 zija kuti zikhale 10. Malamulo a kuno amasintha ngati mtengo wa shuga kumudzi, ndiye chaka chilichonse chimene mwasunga kale m'thumba musachitaye mwachibwana.

Ndisanaiwale, nkhani ya maganyu. Visa yanu imalola ntchito yapadera ya maola osapitirira 20 pa sabata, mukadali pa ntchito ya sponsor wanu, ndipo si ntchito ina iliyonse imene imaloledwa. Anyamata ena akumabwereka akaunti ya mnzawo n'kumaperekera zakudya pa njinga usiku, akuti akuyesa bizinesi. Akagwidwa palibe amene adzamve zoti unkangoyesa.

Tsopano funso limene mphwanga sanadzifunse: kodi kumudzi unali ndani? Pakuti kusintha ntchito kumene ndaona kukuyenda kuno, kwambiri ndi kwa anthu amene akubwerera ku ntchito yawo yakale kudzera pa khomo la kuno, osati amene akuyamba chinthu chachilendo.

Ngati munali namwino wa digiri, wa ku KCN kapena Mzuni, ndipo pano mukugwira ngati carer, inu ndiye musazengereze ngakhale mwezi umodzi. Njira yanu ndi yolambula kale. Mulembetse ku NMC, bungwe la anamwino la kuno, mulembe CBT, mayeso a pa kompyuta, mukhoze Chingerezi cha IELTS kapena OET, mukayesedwe OSCE, mayeso ochita ndi manja. OSCE ndi yodula, pafupifupi £800, ndipo ambiri amagwa koyamba chifukwa cha tinthu tating'ono, kuiwala kusamba m'manja pa nthawi yake, kusafunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa, zinthu zimene ku Queens kapena ku Central unkachita ndi maso okha chifukwa cha mzere wa odwala. Kuyambira 2023 a NMC amalandiranso umboni wa bwana wako pa nkhani ya Chingerezi, ngati unaphunzira unamwino m'Chingerezi ndipo wagwira ntchito ya chisamaliro kuno kwa chaka. Mlongo wina amene tinkagwira naye night anadutsa njira imeneyi, pano ali ku NHS, zipatala za boma za kuno, ndipo ana ake anabwera, chifukwa namwino amaloledwa kubweretsa banja pamene carer amene analowa kuyambira pa 11 March 2024 saloledwa. Chokhacho, Malawi ali pa mndandanda wofiira wa maiko osowa azaumoyo, ndiye ma ejenti saloledwa kukakopa anamwino kumudzi. Munthu umafunsira wekha.

Ma clinical officer ndimawamvera chisoni. Munthu amene wachita maopaleshoni a amayi oyembekezera pa chipatala cha boma zaka khumi, kuno udindo umenewo kulibe. Amayambira pansi.

Aphunzitsi anzanga, nkhani yathu ndi yowawa pang'ono. Kuno chimene chimafunika ndi QTS, chiphaso chovomereza munthu kukhala mphunzitsi, ndipo QTS imafuna digiri. Ine ndili ndi dipuloma ya ku Domasi. Zaka 14 zija, ana amene ndinawakhozetsa MSCE, ena pano ndi mainjiniya, zonsezo pa fomu palibe pozilemba. Pali maiko amene aphunzitsi ake a masamu ndi sayansi anatsegulidwira njira yofunsira QTS mwachindunji mu 2023, monga Ghana, Nigeria, South Africa ndi Zimbabwe. Malawi palibe. Ngati muli ndi digiri ya ku Chanco kapena Mzuni, makamaka ya masamu kapena physics, yambani ndi kutumiza mapepala anu ku UK ENIC kuti akuuzeni mlingo wake kuno, kenako mufufuze njira zina za QTS. Lamulo limalola mphunzitsi wophunzira kunja kuphunzitsa mpaka zaka 4 asanapeze QTS, koma sukulu yovomera kukuchitira sponsor ndi yosowa. Ndipo mukonzeke mtima. Mwana wa Fomu 2 wa kuno akhoza kukutukwana pamaso, iwe n'kumulembera lipoti basi. Mnzanga wa ku Bulawayo amene analowa m'kalasi amati masiku ena amasirira ife osintha matewera, akuti gogo akakutukwana umadziwa kuti ndi matenda.

Madalaivala, laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha kuchokera pamene mwakhazikika kuno, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno ngati mmene amachitira ndi ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Muyambirenso theory ndi practical. Za malole zimene munamva, ma visa aja a 2021 anali a miyezi yochepa ndipo anatha kalekale. Komabe laisensi ya kuno itengeni msanga, imatsegula makomo ambiri m'care momwemo.

Ndiye mphwangayo. Mnyamata ameneyu ankagwira mu ofesi ya akaunti pa kampani ina ku Limbe, ndipo anali atalemba kale mapepala 7 a ACCA, mayeso a ukadaulo wa za akaunti, asanabwere. ACCA likulu lake lili konkuno. Mapepala onse ndi 13, kuphatikiza miyezi 36 ya ntchito, ndipo zaka zimene anagwira ku Limbe zikhoza kuwerengedwa ngati wina woyenera atamusainira. Munthu watsala ndi mapepala 6 kuti akhale ndi chinthu chimene bwana aliyense wa kuno amachidziwa, koma akufuna kutaya zimenezo akayambe IT chifukwa mnzake wa kutchalitchi wagula galimoto. Ndinamukalipira, ndivomere. Mwina ndinapyola muyeso, chifukwa ndinkakalipira ine ndemwe wa 2024.

China, kaya ndi chachisanu kaya chachisanu ndi chimodzi. Musanagamule kuti mwadana ndi ntchito, fufuzani bwino chimene mwadana nacho. Mwina ndi bwana. Mwina ndi rota. Mwina ndi mdima wa 4 koloko masana mu December, ndi chipinda chozizira chimene mumabwereramo popanda wokufunsani kuti mwaswera bwanji. Ine chaka choyamba ndinkaganiza kuti ndimadana ndi care, koma ndinkadana ndi mabasi aja ndi bwana uja. Care ili mitundumitundu. Dom care ndi ina, care home ndi ina, supported living ya achinyamata olumala ndi inanso, ndipo wothandiza anamwino m'chipatala cha NHS ndi winanso. Ngakhale khomo lobweretsa ma carer kuchokera kunja linatsekedwa pa 22 July 2025, ife amene tili kale m'katimu tikuloledwa kusintha sponsor ndi kuwonjezera visa mpaka 2028. Kusintha bwana n'kosavuta kuyerekeza ndi kusintha ntchito. Ndipo m'katimo muli makwerero, Level 3, usenior, Level 5 ya umanijala. Ine pano ndine senior, Level 3 inalipiridwa ndi kampani. Za zimenezo palibe zambiri zonena, zinangoyenda.

Koma tinene chilungamo, chimene chikuwawa anyamata ambiri si msana, ndi manyazi. Mwamuna wa Chichewa, wophunzira, wovala tayi ku Limbe, lero akupukuta nkhalamba ya chizungu. Anzathu a ku Zimbabwe anaipatsa kalekale ntchitoyi dzina lachipongwe la BBC, amene mukulidziwa tanthauzo mukulidziwa. Kumudzi timangoti "ndimagwira ku health". Ine amayi anga anamwalira akudziwa kuti ndimaphunzitsa kuno. Sindinawanamize, koma sindinawakonzenso. Tsiku loyamba kusambitsa munthu ndinapita ku toilet kukalira, bambo wa ana atatu. Manyazi amenewa ndi amene akuba aja amadyerapo. Amadziwa kuti munthu wochita manyazi safunsa mafunso ambiri, amangofuna atuluke, ndipo akaberedwa sakauza aliyense. Mayi wa pa sofa uja si wopusa ayi, kumudzi anali ndi udindo wake. Anangofuna kuti akamaimba foni kwawo azitha kunena dzina la ntchito yake mosatsitsa mawu.

Pa ndalama ndinene mwachidule, chifukwa mukudziwa kale mmene foni imalirira pa 25. Fizi, feteleza, maliro, mlamu wagonekedwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kumudzi anaganiza kuti ife talemera, osadziwa kuti zopempha nazo zakwera chimodzimodzi. Pa visa yanu analembapo kuti simuloledwa thandizo la boma. Mukakhala opanda ntchito palibe Universal Credit, palibe nyumba ya khonsolo, landilodi akufuna yake pa 1. Musaganize n'komwe zosuntha musanasunge ndalama ya renti ndi chakudya ya miyezi itatu, pa akaunti imene achibale sakuidziwa. Ndipo akazi anu kapena amuna anu kumudzi auzeni zoona. Mphwanga mkazi wake ali ku Chilomoni ndi mwana wa zaka ziwiri, sangabwere pa visa ya carer, ndipo ndikudziwa kuti chimene chikumuthamangitsa kwambiri ndi chimenecho. Ndikumvetsa. Koma njira yobweretsera mkaziyo ikudutsa pa mapepala 6 aja, siikudutsa pa kukhala wopanda visa.

Werenganinso kontrakiti yanu musanapereke notisi. Makampani ambiri anaikamo ndime yoti ukachoka zaka ziwiri kapena zitatu zisanathe ubweze ndalama zimene anawononga pokubweretsa. Zina mwa ndalamazo n'zololedwa, zina ndi zongoopsezera. Pitani nayo ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo kwa anthu, imbirani ACAS, yoona za mikangano ya pa ntchito, kapena lowani union ngati UNISON mavuto asanayambe, chifukwa union siikonda kulandira mlandu umene unayamba usanalowe. Pa za visa, funsani solicitor kapena mlangizi wolembetsedwa ku IAA, ofesi yoyang'anira alangizi a za visa, imene kale inkatchedwa OISC. Kupereka malangizo a immigration ngati bizinesi popanda chilolezo ndi mlandu kuno, ndiye "ankolo" amene amadzaza mafomu pa tebulo la kunyumba kwawo n'kumalandira £300, dziwani kuti zikavuta adzakukanani.

Apa ndiwakhumudwitsa akuluakulu ena, andikhululukire. Pali abale athu amene anabwera 2006 isanafike, nthawi imene Mmalawi ankatsika ndege ku Heathrow popanda visa. Anavutika m'njira yawo, ndipo ambiri ndi amene anatilandira, kutipatsa majekete ndi kutionetsa kogula ufa. Koma malangizo awo pa nkhani ya ntchito ndi a dziko lina limene kulibenso. Akamati "ingosiya, ine ndinasintha ntchito kasanu", akunena zoona, koma iwo ali ndi pasipoti ya kuno m'thumba. Alemekezeni, idyani nawo nsima, koma za visa yanu musawafunse.

Kwa inu amene mukadali kumudzi ndipo mukuwerenga izi pa bundle ya usiku, mukuganiza zosiya uphunzitsi kapena ntchito ya ku banki kuti mubwere ku care: khomo limenelo linatsekedwa. Aliyense amene akukuuzani lero ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti ali ndi CoS ya carer, mungotumiza theka pa Mpamba kapena Airtel Money, akukuberani. Musagulitse puloti. Ndipo ngakhale mutapeza njira ina yeniyeni, musathamangire kulemba kalata yosiya ntchito ngati mmene ndinachitira ine. CoS itangofika ndinalemba kalata tsiku lomwelo, mokondwa, ndi mawu ena amene sindikanayenera kulemba okhudza ahedi athu. Sindinafunse n'komwe ngati ndikanatha kutenga tchuthi chosalipidwa, sindinalondole za penshoni yanga, ndinangonyamuka ngati wothawa nkhondo. Masiku 60 aja atayamba kuwerengedwa, usiku wina ndinakhala pansi kuganiza kuti ndikabwerera ndikafikira kuti, ndipo yankho linali lakuti palibe. Ahedi aja mpaka lero sayankha moni wanga pa Facebook, ndipo sindiwadandaula.

Mphwanga ndamuuza kuti Lamulungu akwere National Express abwere kuno ku Nottingham, atenge kontrakiti yake, ma payslip a miyezi itatu, ndi zotsatira zake za ACCA. Tikhala pansi tiwerenge ngati maola amene akumulipira akufanana ndi amene analembedwa pa CoS, chifukwa ndikukayikira kuti vuto lenileni lili pamenepo. Ngati akumubera, timusakira care home ina, manijala wathu amadziwana ndi anzake. Pepala lotsatira la ACCA ndamuuza kuti ndimulipirira ine, adzabweza akadzakhala bwana. Sanayankhe kuti inde kapena ayi, anangotumiza chala cha m'mwamba. Dzulo achemwali anandiimbira kuchokera kumudzi, akuti mwana akudandaula kuti amalume ake akumutsekereza mwayi. Ndinawauza kuti amuuze asaiwale jekete, kuno kukuzizira kuposa ku Luton, ndipo ufa ndi usipa ndagula kale.